Kwa Akonzi ndi Oyang'anira Wikipedia: Musafulumire Kufufuta Masamba a Maligi a Chess a pa Intaneti

Akuluakulu,

Ndakulemberani pa nkhani imene imafika m'manja mwanu mobwerezabwereza. Munthu walemba tsamba lonena za ligi ya matimu a chess imene imaseweredwa pa intaneti, wina waliika pa mndandanda wa masamba oyenera kufufutidwa, anthu akambirana kwa masiku 7, ndipo mmodzi wa inu ayenera kugamula. Ine ndimasewera chess pa intaneti, ndipo Wikipedia ndimaiwerenga pafupifupi tsiku ndi tsiku, choncho mbali zonse ziwiri zimandikhudza. Ndikudziwa kuti ntchitoyi mumaigwira mongodzipereka, popanda malipiro, ndipo ndikuthokoza. Komabe pali pena pamene muyeso wanu ukupendekera mbali imodzi pa nkhani za chess, ndipo ndikufuna ndipaloze poyera.

Lamulo lanu lalikulu ndikulidziwa, ndipo ndimagwirizana nalo. Limati chinthu chimayenera kukhala ndi tsamba lakelake ngati anthu odalirika, amene alibe mbali pa chinthucho, alemba za icho mozama, osati kungochitchula modutsa. Silifunsa ngati chinthucho n'chabwino kapena ngati anthu amachikonda. Pakanapanda lamuloli, insaikulopediya imene Jimmy Wales ndi Larry Sanger anaiyambitsa mu Januwale 2001 bwenzi lero itadzaza ndi makampani odzitama ndi timagulu todzilembera tokha mbiri. Ndiye anzanga osewera amene amakhamukira pa zokambiranazo n'kumalemba kuti "tilipo masauzande, musafufute," ndimawauza mosapita m'mbali kuti akutaya nthawi. Zokambiranazo si chisankho choponya mavoti, ndipo kuchuluka kwa mamembala si umboni. Apo sindikukutsutsani.

Chimene ndikukana n'chakuti mawu oti "ya pa intaneti" azikhala mlandu. Pa zokambirana zotere sipalephera kupezeka wina wonena kuti iyi si ligi yeniyeni, ndi gulu chabe la anthu ogogoda makompyuta m'zipinda zawo. Wonena choncho mbiri ya chess sakuidziwa. Masewerowa safuna kuti opikisana akhale pabwalo limodzi ngati mpira. Chofunika ndi njira yodziwitsira mnzako kuti wasuntha chiyani, basi. N'chifukwa chake njira yatsopano yotumizirana mauthenga ikangobadwa, osewera chess amakhala m'gulu la oyambirira kuigwiritsa ntchito. Kuyambira 1824 mpaka 1828 kalabu ya ku London ndi ya ku Edinburgh zinapikisana kudzera m'makalata, zaka zinayi zathunthu, ndipo a ku Edinburgh ndi amene anapambana. Kayambidwe ka gemu kamene lero timakatcha Scotch kanatenga dzina pa mpikisano womwewo. Mu 1844 anthu a ku Baltimore ndi a ku Washington anasewera pa telegalafu, chaka chisanathe n'komwe chiyalireni nthambo yake. Kuchokera 1896 kufika 1911 matimu a Britain ndi America ankalimbana kudzera pa nthambo yodutsa pansi pa nyanja ya Atlantic. Ndipo mu Seputembala 1945, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, America ndi Soviet Union zinasewera pa wayilesi, mabolodi 10, ena ali ku New York ena ali ku Moscow. Soviet Union inapambana ndi mapointi 15½ kwa 4½, ndipo aliyense anaona kumene mphamvu ya chess yasamukira. Palibe amene amati mpikisano wa 1945 sunali weniweni chifukwa choti Botvinnik wa ku Soviet Union ndi Denker wa ku America, amene anakumana pa bolodi yoyamba, sanagwirane chanza.

Maligi a pa intaneti anangopitiriza pamene mipikisano imeneyi inasiyira. Mu 2005 Greg Shahade anayambitsa United States Chess League, matimu a mizinda ya ku America akusewera kudzera pa Internet Chess Club. Mu 2017 ligiyo inasanduka PRO Chess League pa Chess.com, ya matimu 48 ochokera m'maiko osiyanasiyana. Timu iliyonse inkabweretsa osewera anayi, aliyense n'kusewera ndi onse anayi a timu inayo, magemu 16 onse pamodzi, ndipo yofika pa mapointi 8½ ndiyo inkapambana. Panalinso malire pa mphamvu ya timu: nambala zoyezera luso la anayiwo, zija timati rating, mukaziphatikiza n'kugawa ndi 4 sizinkayenera kupitirira 2500. Lamulo limeneli linkakakamiza timu ya katswiri wamkulu kutenganso wosewera wachichepere wosadziwika, ndipo nthawi zina chigonjetso chinkadalira wosadziwikayo. Chaka choyambacho St. Louis Arch Bishops ya Wesley So inagonjetsa Norway Gnomes ya Magnus Carlsen mu ndime yomaliza. Chaka chotsatira ndime zomaliza zinachitikira ku San Francisco, osewera atakhala m'holo imodzi pamaso pa anthu, koma aliyense akuyang'ana kompyuta yake. Ndiuzeni inuyo, imeneyo inali ligi ya pa intaneti kapena ya pamaso m'pamaso? Malire amene ena amafuna kuika pamenepa sagwira.

Koma ligi yaikulu ngati imeneyi si imene imavuta. Zovuta ndi zazing'ono, zoyendetsedwa ndi anthu odzipereka, monga Lichess4545, yoseweredwa pa Lichess, malo a pa intaneti osewerera chess, ndi zinzake. Ambiri a inu simunaonepo mmene sabata imayendera m'ligi yotere, ndiye ndiloleni ndikufotokozereni. Kumayambiriro kwa sabata mndandanda umatuluka, ndipo wosewera aliyense amadziwa amene akumane naye. Awiriwo amalemberana kuti apangane nthawi, ndipo pamenepa pokha pali ntchito, chifukwa mmodzi angakhale ku Brazil wina ku India, pamene uyu akudzuka winayo akukonzekera kukagona. Wina sakuyankha, kaputeni amamufunafuna, akasowa amaitana wapabenchi. Masiku otsalawo wosewera amafufuza magemu akale a mnzakeyo kuti aone mmene amakondera kuyamba. Tsikulo likafika, aliyense amapatsidwa mphindi 45 ndi masekondi 45 owonjezera pa kusuntha kulikonse, moti gemu imatha kutenga maola atatu. Anzake a timu amaonerera, ndipo ngakhale ataona kusuntha kopambanitsa gemu kuli pabwalobwalo, saloledwa kunena kanthu. Amangogwira mtima, maso pa wotchi. Kuseri kuli oyang'anira amene amaweruza madandaulo, kulanga ojomba ndi kuonetsetsa kuti matimu ndi ofanana mphamvu. Izi zakhala zikuchitika sizoni ndi sizoni kwa zaka zambiri popanda wolipidwa. Dongosolo limeneli ndi la ligi yeniyeni, ndipo aliyense amene anayendetsapo mpikisano wa mtundu uliwonse angavomereze.

Mudzandiyankha kuti zonsezi n'zabwino, koma ndani walemba za izo? Funsolo ndi loyenera. Koma musanalifunse, tayang'anani chimene chachitikira olemba nkhani za chess.

Lamulo lanu limayembekezera kuti kunja kuno kuli atolankhani oima paokha amene amatsata nkhani iliyonse yofunika. Ku mpira alipo ambirimbiri. Ku chess akutha. Nyuzipepala ya Washington Post inatseka danga la chess la Lubomir Kavalek mu 2010. New York Times inatseka lake mu 2014. Alipo otsala, monga Leonard Barden amene wakhala akulembera Guardian kuyambira zaka za m'ma 1950, koma munthu angathe kuwawerenga ndi zala, ndipo malo awo ochepawo amathera pa mipikisano ikuluikulu. Ntchito yolemba nkhani za chess inasamukira kwa makampani omwewo amene amayendetsa masewerowo. Mu 2022 Chess.com inagula Play Magnus Group, gulu limene panthawiyo linali ndi malo a pa intaneti a chess24 ndi Chessable, komanso magazini ya New in Chess. Pofika Januwale 2024 chess24 inatsekedwa. Taganizirani tanthauzo lake kwa munthu amene akufuna umboni wokhudza ligi ya pa Chess.com. Nkhani yozama kwambiri, yolembedwa ndi mtolankhani wodziwa chess, ili pa Chess.com pomwepo, ndipo inu mumaikana chifukwa kampaniyo ili ndi mbali pa ligiyo. Kukana kumeneko n'koyenera. Koma ena amene akanalemba moima paokha, ena anatsekedwa, ena anagulidwa ndi kampani yomweyo. Kusowa kwa umboni kotereku sikukutiuza kuti ligiyo ndi yachabe. Kukungotiuza kuti olemba atha.

Chondipweteka kwambiri ndi ichi. Atolankhani a nyuzipepala zazikulu amabwera ku chess ya pa intaneti pokhapokha zinthu zikalakwika. Mu 2020 Armenia Eagles inagonjetsa St. Louis Arch Bishops mu ndime yomaliza ya PRO Chess League. Patangopita masiku ochepa Chess.com inalengeza kuti mmodzi mwa osewera a timuyo, Tigran L. Petrosian, anaphwanya malamulo oletsa chinyengo, timuyo inalandidwa chikho n'kupatsidwa ya ku St. Louis. Iye anakana mlanduwo mwaukali, ndipo nkhaniyo inafalikira mpaka kwa anthu amene anali asanamvepo dzina la ligiyo. Mu Julayi ndi Ogasiti chaka chomwecho FIDE, bungwe loyendetsa chess padziko lonse, inachititsa Olympiad yake yoyamba ya pa intaneti, mpikisano wa matimu a maiko oposa 160. Chimene chinaikweza pa mitu ya nkhani padziko lonse si magemu ake, koma kuduka kwa intaneti pa ndime yomaliza, pamene Nihal Sarin ndi Divya Deshmukh a ku India nthawi inawathera intaneti itaduka, mpaka FIDE inagamula kuti India ndi Russia zonse zapambana. Mu 2022 dzina la Hans Niemann, katswiri wa ku America, linamveka paliponse Chess.com itatulutsa lipoti la masamba 72 lomuganizira kuti anabera pa magemu ake ena a pa intaneti.

Ndiye onani chimene muyeso wanu umachita ukagwiritsidwa ntchito mosaganizira izi. Ligi imene yayenda bwinobwino zaka khumi, yopanda wakuba, yopanda mkangano, imaoneka ngati kulibe. Ligi imene mwapezeka wobera imasanduka yoyenera tsamba tsiku limodzi. Ndipo tsamba lolembedwa kuchokera pa umboni wotere limadzaza ndi mlanduwo, chifukwa ndi zokhazo zimene atolankhani analemba mozama. Wowerenga amachoka ndi chithunzi choti chess ya pa intaneti ndi yokhalira kuberana ndi kuduka kwa netiweki. Sindikhulupirira kuti inu munkafuna zimenezi polemba lamulolo.

Mwina mukuganiza kuti ndikupempha kuti ligi iliyonse ipatsidwe tsamba lake. Ayi. Ngati palibe munthu wakunja amene walembapo mozama za ligi inayake, tsamba loima palokha silingalembeke moona mtima, chifukwa lidzangobwereza zimene eni ligiwo amanena za iwo eni. Komanso kuti grandmaster wina, katswiri wa ulemu wapamwamba kwambiri pa chess, anasewerapo kamodzi sikupatsa ligiyo ufulu wa tsamba, monga momwe malamulo anu amanenera. Mu 2022 munakhwimitsa malamulo a masamba a anthu amasewero kuti kungotenga nawo mbali m'ligi yaikulu kusakhale kokwanira, ndipo sindikuona chifukwa choti chess ipatsidwe khomo lakumbali.

Koma pakati pa kusunga tsamba ndi kulifufuta pali njira imene malamulo anu omwe amalola, ndipo ndi imene ndikukupemphani kuti muziyamba mwaiganizira. Lamulo lanu lalikulu lija, la kutchuka, limagamula ngati chinthu chikhale ndi tsamba lakelake. Siligamula zimene zingalembedwe mkati mwa tsamba lina. Ligi yoseweredwa pa Lichess, malo amene Thibault Duplessis anayambitsa mu 2010, ingathe kukhala ndi ndime imodzi pa tsamba la Lichess, kapena pa tsamba lofotokoza chess ya pa intaneti, ndipo dzina la ligiyo n'kumalozera kumeneko. Mfundo zosavuta, monga chaka chimene inayamba ndi kaseweredwe kake, zingathe kuchokera kwa eni ligiwo, chifukwa pa zinthu zopanda mkangano ngati zimenezi mumalola umboni wotere. Mukatero wowerenga amene walemba dzina la ligiyo apeza yankho, zimene wolemba uja anavutikira zisungika mu mbiri ya tsambalo, ndipo tsiku limene umboni wokwanira udzapezeke wina adzayambira pomwepo. Mukafufuta, zonsezo zimabisika kwa aliyense kupatula inu oyang'anira. Kulibweza kuti likhale tsamba losamalizidwa nakonso si kupulumutsa kwenikweni, popeza masamba otere akakhala miyezi 6 osakhudzidwa amafufutidwa mwakachetechete.

Palinso nkhani ya kufufuza. Malamulo anu amati munthu asanapereke tsamba kuti lifufutidwe ayambe wafunafuna yekha umboni. Kulemba dzina la ligi pa Google n'kuyang'ana zotsatira zoyambirira si kufufuza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhani za chess zimakhala m'malo amene munthu wosasewera sangawaganizire: The Week in Chess, imene Mark Crowther wakhala akutulutsa sabata ndi sabata kuyambira 1994, nkhani za kampani ya chess ya ChessBase, magazini ya Chess Life, magazini a mabungwe a chess a maiko. Zina zinali pa masamba amene anatsekedwa, ndipo lero zimapezeka ku Internet Archive kokha, malo osungira masamba akale a pa intaneti. Inu nomwe mumati chinthu chikayenera tsamba kamodzi sichitaya ufuluwo chifukwa cha kupita kwa nthawi, ndiye umboni umene unasowa chifukwa kampani inatseka khomo suyenera kuwerengedwa ngati sunalipo. Ndipo umboni suyenera kukhala wa Chingerezi chokha. Ligi ya matimu ochokera m'maiko ambiri imalembedwa m'zilankhulo za maikowo. Ku Norway, kumene wailesi yakanema ya NRK yakhala ikuonetsa chess kuyambira 2013, kapena ku Armenia kumene chess imaphunzitsidwa m'sukulu, nkhani imene nyuzipepala ya ku London singaione n'komwe ingathe kupatsidwa malo aakulu. Ndi angati mwa olemba mawu amodzi oti "lifufutidwe" amene amakafika kumeneko?

Kwa inu a WikiProject Chess, gulu la akonzi osamalira masamba a chess, ndili ndi pempho lapadera, chifukwa inu ndi amene mumadziwa zonse ziwiri, masewerowa ndi malamulowo. Lembani momveka bwino kuti ndi magwero ati amene ali oima paokha, ndipo pa nkhani ziti. Funsoli silingayankhidwe ndi inde kapena ayi mmodzi. Chess.com ikalemba za ligi yake, ili ndi mbali. Koma ChessBase ikalemba za ligi ya pa Chess.com, kapena mtolankhani wa Chess.com akalemba za mpikisano wa pa Lichess, amenewo ndi opikisana nawo pa malonda, alibe chifukwa chokometsera. Lembaninso kusiyana kwa lipoti longotchula zigoli za sabata, limene silitsimikiza kanthu, ndi nkhani yofotokoza mmene ligi inayambira, mmene imayendera ndi chimene yasintha pa masewerowa. Pakadali pano mkangano womwewu umayambika mwatsopano pa tsamba lililonse, ndipo zotsatira zimadalira amene wapezeka sabata imeneyo. Ligi ziwiri zofanana zingathe kulandira zigamulo zosiyana chabe chifukwa pa imodzi panafika mkonzi wodziwa chess, pa inayo ayi.

Muganizirenso munthu amene analemba tsambalo. Kawirikawiri amakhala wosewera wa m'ligi yomweyo, ndipo ndi tsamba lake loyamba. N'zoona kuti ali ndi mbali, ndipo ayenera kuulula zimenezo. Koma si wamalonda wolipidwa. Ndi munthu amene amadziwa mayina a kayambidwe ka magemu, mbiri ya mipikisano ndi komwe magazini akale amapezeka, ndiye mtundu wa mkonzi amene masamba a chess akumusowa. Chimene amakumana nacho ndi mzere wa zilembo zachidule za malamulo zimene sanazionepo, kenako tsamba lake lazimiririka. Munthu wotere n'kovuta kuti abwerenso. Wikipedia ya Chingerezi ili ndi nkhani zoposa 6 miliyoni zofuna kusamalidwa, ndipo sindikuona phindu lothamangitsa wodzipereka amene wabwera yekha.

Choncho inu amene mumatseka zokambirana, musamangolemba mawu amodzi a chigamulo. Lembani ziganizo zitatu kapena zinayi m'mawu amene mlendo angamve: umboni uti mwaukana ndipo chifukwa chiyani, umboni wa mtundu wanji umene ukanasintha chigamulocho, ndiponso tsamba liti limene mfundo za ligiyo zingasamukireko. Ngati pa zokambiranazo wina anapereka maganizo ophatikiza tsambalo ndi lina koma palibe anamuyankha, muyankheni inuyo musanatseke. Ndipo ngati sipanapezeke ngakhale mmodzi amene wafufuza m'magazini a chess kapena m'zilankhulo zina, muli ndi mphamvu yowonjezera masiku ena 7. Igwiritseni ntchito, ndipo mudziwitse a WikiProject Chess kuti abwere adzaone.

Ine wanu,

Wosewera chess pa intaneti komanso wowerenga Wikipedia